Mtengwa Amene Anaseka mu Kanema

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu. Mkazi wanga ndinamuika m'manda asakuidziwa, ndipo mlongo wanga, amene nyumba yake yayang'anizana ndi yanga, amangodziwa mbali imene mudzi wonse umadziwa. Ndikuilemba chifukwa cha muphwa wanga, mwana wamkazi wotsiriza wa mlongo wangayo, amene anabwera chaka chatha kudzandipempha kuti ndimulole akaphunzire kupanga kanema ku sukulu ya mu tauni. Kwathu kuno, kumadzulo kwa Nsaru, mawu otere amachokera kwa malume. Bambo ake anamwalira kalekale, koma ngakhale akanakhalapo, mbumba ndi yanga, ndipo mwanayo sakananyamula chikwama ine ndisanavomere.

Anthu ankayesa kuti ndivomera msanga, poti amandidziwa ngati munthu amene anathamangira sukulu atakula. Unyamata wanga unathera kumbuyo kwa ng'ombe za eni. Ndinalowa sukulu ya kwacha ndili kale ndi ana komanso imvi zoyamba, ndipo mpaka lero zilembo zanga zimapendama ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe. Koma munthu amene waipeza sukulu mochedwa saikonda mwachimbulimbuli. Amadziwa zimene inamupatsa, amadziwanso kuti zambiri zimene zamudyetsa pa moyo wake sanaziphunzire kumeneko. Ndaonapo ana a m'mudzi muno atabwera ndi mapepala okongola n'kukhala pakhonde mpaka mapepalawo kuchita nkhungu.

Muphwa wangayo anayamba ndi foni yogula kwa mnzake, yosweka galasi pakona. Ankajambula zinkhoswe, maukwati, makwaya a kutchalitchi ndi miyambo yovundukula ziliza. Patapita nthawi anapeza kamera yakale, ndipo anthu a ku Kabudula ndi ku Mpingu anayamba kumutumizira kabaza kuti akawajambule. Pa msika sankamutchulanso ndi dzina la amayi ake, ankangoti mtsikana wa kanema uja. Kunyumba kwawo sopo ndi mchere zinasiya kusowa.

N'chifukwa chake amayi ake sankamvetsa za sukuluyo. Ankati munthu amene akuphika kale ndipo anthu akukhuta, akafunenji kwa womuphunzitsa kugwira mthiko. Panalinso mnyamata wina wothira nyimbo m'mafoni pa msika, amene ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti zonse zophunzitsidwa ku sukulu zotero zili kale pa foni, ndipo opitako amabwera ndi Chingerezi chambiri koma opanda kamera. Mwanayo ankayankha kuti iye watopa ndi kutsatira akwati. Ankafuna kupanga kanema wa nkhani, wokhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo ankati pali zinthu zimene amaziona kuti zalakwika koma sadziwa chifukwa chake: mawu a anthu kumizidwa ndi mphepo, nkhope kuda bii dzuwa likakhala kumbuyo, nkhani yabwino m'mutu kusanduka yotopetsa ikafika pa galasi.

Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Amalume ambiri akatero amakhala atakana kale. Ine sindinakane, koma sindinkatha kukhala pansi n'kuiganizira nkhaniyo mpaka kumapeto. Ndikangoyamba, ndinkapezeka ndaimirira, ndikuzungulira khola la mbuzi, ndikumanga chingwe chimene chinali chomanga kale.

Ndikuzengereza choncho, m'nyengo yozizira, kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nafe. Anamwalira mayi wina wokalamba amene anadwala nthawi yaitali. Ana ake awiri aamuna anali ku Joni ndipo sakanatha kubwera, choncho anapempha kuti mwambo wonse ujambulidwe awatumizire. Mwana wachitatu ndiye anatsala pamudzi, ndipo mkazi wake, mtengwa wochokera cha ku Kabudula, ndi amene anasamalira mayiyo matenda onse: kumutembenuza, kumusambitsa, kumuchapira.

Amene anakhalapo pa maliro a kwathu amadziwa kuti sikuti anthu amalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuseri kwa nyumba, kumene amayi amaphikira, kumakhala nthabwala. Adzukulu, aja okumba manda, amabwera kudzalanda chakudya ndi mawu achipongwe, ndipo palibe amawaletsa chifukwa ndi mwambo wawo. M'mawa wa tsikulo mmodzi wa iwo anayamba kutsanzira mmene malemuwo ankakalipira nkhuku zikalowa m'nyumba, mawu ake, kayendedwe kake, ndi kakugwedeza ndodo. Amayi onse anaphulika. Mtengwa uja naye anaseka, atagwira pakamwa, mwina koyamba pa miyezi yambiri. Muphwa wanga anajambula zimenezo chifukwa anaona kuti n'zokoma. Masana bokosi linatsitsidwa m'manda, ndipo anajambulanso.

Kanemayo anatalika kwambiri moti sakanatheka kutumizidwa pa foni, ndiye anayamba kumudula. Pofika kumapeto anaganiza kuti anthu a ku Joni asatsale ndi chisoni chokhachokha, aoneko kuti mayi awo ankakondedwa ndipo anthu ankawakumbukira mosangalala. Anatenga kachigawo ka kuseka kaja n'kukaika pambuyo penipeni pa bokosi likutsika. Mdzukulu wotsanzira uja sankaoneka, mawu akenso anali ataphimbidwa ndi nyimbo ya kwaya. Chimene ana aja anaona ndi ichi: bokosi la mayi awo likulowa m'dothi, kenako nkhope ya mlamu wawo ikuseka, dzanja lili pakamwa ngati akubisa.

Mafoni anayamba kulira tsiku lomwelo. Poyamba ankati mtengwayo anatopa ndi kudwazika. Kenako mawu anakula. Liwu lija loopsa la ufiti palibe analitchula poyera, koma amayi ena anayamba kuitana ana awo akawaona akusewera pafupi ndi khomo lake. Mtengwayo anabereka mwana kumbuyo n'kubwerera kwawo. Muphwa wanga anathamanga ndi kamera kukaonetsa mwamuna wa mtengwayo zonse mmene zinalili zisanadulidwe, ndipo iyeyo anakhulupirira, koma a ku Joni anati kanema wachiwiriyo ndiye wokonza.

Mwanayo anabwera kwa ine maso atatupa. Anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga, kamera ili pamiyendo.

"Amalume, ine sindinaname. Zonse zili mmenemo zinachitikadi."

"Zinachitika nthawi imodzi?"

"Ayi."

Iye ankayesa kuti ndakwiya, koma sizinali choncho. Ndinanyamuka n'kunena kuti ndikukaona mbuzi.

Apa ndiye pamene pali nkhani imene ndakhala nayo ndekha. Zaka zimene makanema a vidiyo anangofika m'misika ya kumidzi, ine ndinkagwira ntchito m'chisakasa china choonetsera kanema pa msika wa kwathu. Mwini wake anali wamalonda wa sitolo. Munali wailesi ya kanema imodzi, mabenchi a mabulugama, ndi jenereta imene inkalira kuposa anthu a mu kanemayo. Mafilimu anali a Chingerezi ndi zinenero zina zimene palibe ankazimva, choncho pankafunika munthu woima pambali n'kumauza anthu zimene zikunenedwa. Munthuyo ndinali ine, amene nthawi imeneyo sindinkatha kulemba ngakhale dzina langa. Sindinkamva liwu ndi limodzi. Ndinkangoyang'ana nkhope n'kumapeka. Mzungu akatsegula pakamwa ine ndinkamuyankhulitsa za ngongole ya feteleza. Msilikali akathamanga ndinkati wathawa apongozi. Anthu ankaseka mpaka kugwa pa benchi, ndipo ena ankabwera kudzamva ine, osati kudzaona filimu.

Palibe anandiphunzitsa ntchito imeneyo. Mphunzitsi wanga anali kuseka kwa anthu. Chimene aseka, mawa ndichitanso mowonjezera. Ndinazindikira msanga kuti amaseka kwambiri ndikawapatsa anthu a mu kanema makhalidwe a anthu a pa msika pomwepo, osatchula dzina, koma mwa njira yoti aliyense adziwe.

Pakhomo pa chisakasacho pankakhala mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Mwamuna wake anali telala, mkamwini wochokera kutali, wosayankhulayankhula, amene ankasokera pakhonde la sitolo. Mayiyo anali atafikako ku sukulu ali mtsikana, ndipo Chingerezi ankachimva pang'ono. Tsiku lina anthu akutuluka ananena mokweza, akuseka, kuti zimene ndimanena ine ndi zimene amanena azungu aja sizinakumanepo n'kamodzi komwe. Anthu anaseka, ndipo ulendo uno ankaseka ine. Mawuwo sindinawaiwale.

Patangopita masiku ochepa tinaonetsa filimu ina masana a tsiku la msika, chisakasa chitadzaza. Munali mkazi akukwera lole mothamanga, mwamuna akumukoka dzanja. Nyengo imeneyo kunkabwera dalaivala wina wonyamula mabelo a fodya amene ankakonda kugula zitumbuwa pakhomo pathupo. Ndinachepetsa mawu kukhala ngati a mkazi n'kunena kuti, "Tiyeni msanga adalaivala, amuna anga ali pa makina, zitumbuwa ndasiyira mwana." Denga linatsala pang'ono kuuluka. Anyamata anandipempha kuti tibweze tepi ndinenenso, ndipo ndinanenanso.

Panalibe chilichonse pakati pa mayiyo ndi dalaivala uja. Ndikudziwa chifukwa nkhaniyo inabadwira m'kamwa mwanga. Koma anthu anali ataona mkazi akukwera lole ndi maso awo, ndipo anali atamva mawu. Pofika kumidzi zinali zitasanduka chinthu chimodzi: wa zitumbuwa anaonedwa akukwera lole. Telala uja sanakangane ndi munthu. Anamanga makina ake panjinga n'kubwerera kwawo, ankhoswe asanakhale n'komwe pansi. Mayiyo anasiya kubwera pa msika. Ndinamva kuti anapita ndi ana ku maesiteti a fodya, ndipo patapita zaka ndinamva kuti anamwalirira komweko. Mudzi umadziwa kuti banja lija linatha chifukwa cha dalaivala. Ine ndekha ndimadziwa kuti linatha chifukwa ndinaika mawu anga pa chithunzi cha eni.

Chisakasacho ndinachisiya chaka chomwecho, anthu n'kumati ndayamba kupemphera. Sukulu ya kwacha ndinailowa pambuyo pake. Sindinganene kuti ndinapitako chifukwa chokonda kuwerenga. Mwina ndinkafuna kuti wina asadzandiuzenso pagulu kuti sindimva zimene ndikunena.

Ndiye taonani mmene zinandikhalira. Mwana wa mlongo wanga anali atachita mosadziwa chimene ine ndinachita mwadala. Amayi ake anati nkhani yatha basi, kamerayo igulitsidwe, kanema ndi chinthu chodanitsa anthu. Mbali ina ya mtima wanga inkavomereza. Ndikanangogwedeza mutu, mwanayo akanapita kukaphunzira kusoka kapena kukatsegula okala, ndipo ine ndikanagona. Koma ndinkadziwanso kuti sasiya. Munthu amene waona anthu akuweramira pa chinthu chimene wapanga iye sasiya chifukwa choletsedwa, amangobisala. Ndipo akatero mphunzitsi wake adzakhala yemwe uja anandiphunzitsa ine, kungoti masiku ano kuseka kwa anthu kumabwera pa foni, kuchokera kwa anthu amene sudzakumana nawo.

Funso langa linali lakuti, kodi ku sukuluko amaphunzitsa chiyani. Ngati ndi kuyatsa magetsi ndi kuzunguza kamera kokha, ndiye kuti adzabwera akudziwa kunama mooneka bwino kuposa kale. Mpeni wakuthwa suphunzitsa munthu chodula. Ndinafunsa mphunzitsi wina wopuma pa ntchito wa m'mudzi mwathu, ndipo anandiuza kuti sukulu iliyonse ndi yabwino. Ndinafunsa wa sitolo pa msika, anati sukulu yabwino ndi imene pothera pake pali ntchito yolembedwa. Onse awiri anali asanaonepo sukulu ya kanema. Ndinaona kuti ndikungozungulira ngati mbuzi ya pachingwe, choncho ndinamuuza mwanayo kuti tipite limodzi ndikaone ndekha.

Tinakwera minibasi pa Nsaru kutayamba kutentha, fumbi likulowera m'mazenera osatsekeka. Ine mu tauni ndimapita kawirikawiri ku chipatala basi. Sukuluyo sinali monga ndinkaiganizira. Panalibe bwalo kapena mbendera. Zinali zipinda zochepa pamwamba pa masitolo, masitepe ake otsetsereka moti ndinapuma kawiri. Anatilandira mayi wina wamfupi wa magalasi, amene anati ndiye amaphunzitsa kulumikiza zithunzi. Anationetsa makamera. Anali awiri okha, ndipo imodzi inali yomanga ndi tepi yakuda. Ophunzira anali odzaza chipinda.

Ndinamufunsa mosabisa ngati ana amene amaliza kumeneko amapeza ntchito. Ndinkayembekeza mawu otsekemera a munthu wotsatsa malonda. Iye anavula magalasi n'kunena kuti ena amapeza, ku mawailesi a kanema ndi ku mabungwe, koma ambiri amabwerera kukajambula maukwati omwe ankajambula kale, ndipo alipo wina wanzeru kwambiri amene pano akugulitsa zikopa za mafoni mu msika. Anati zokhudza kamera ndi kuwala, mwana wakhama atha kuziphunzira yekha pa foni, kungoti zimamutengera nthawi yaitali ndi kuononga maukwati a anthu angapo. Muphwa wanga ankandiyang'ana cham'mbali, kuopa kuti ndinyamuka.

"Nanga mumawaphunzitsa pamene ayenera kutsitsa kamera?" ndinafunsa.

"Zimenezo sitingaziike pa bolodi, bambo. Timangokangana nawo. Ena amamva, ena amatuluka mmene analowera."

Anatipempha kuti tikhale kumbuyo tione phunziro la tsikulo. Anatseka makatani. Mnyamata wina wamtali anaonetsa kanema wake waufupi, wojambula pa depoti ya mabasi. Munali bambo wina wonyamula katundu akudya chimanga chootcha mofulumira, kenako galu akudya m'dzala, kenako bamboyo kachiwiri. Ine ndinamva kuseka kukubwera pachifuwa panga, kuseka kuja ndinkakudziwa bwino, ndipo anzake angapo anasekadi. Mnyamatayo anamwetulira. Mayi uja anaimitsa kanema, n'kubweza, n'kuimitsanso pamene galu akulowa.

"Chithunzi ichi wachiikiranji pambuyo pa icho?"

Mnyamatayo anati chifukwa zikufanana. Mayiyo anafunsa kuti zikufanana bwanji, anene ndi pakamwa pake chimene zithunzi ziwirizo zikunena zikakhala pamodzi. Mnyamatayo anayang'ana pansi. Palibe anamuthandiza. Mtsikana wina anafunsa ngati bamboyo anauzidwa kuti aikidwa ndi galu, wina anati kanema si tchalitchi, ngati n'zoseketsa n'zoseketsa basi, ndipo anayamba kukangana mokweza, Chichewa ndi Chingerezi kusakanikirana. Mayiyo sanagamule kuti wolondola ndani. Anangomuuza mnyamatayo kuti sabata yamawa abwere ndi zithunzi zomwezo atazisanja mwanjira ina, aone ngati bamboyo angatuluke munthu wina. Mkangano uli mkati magetsi anazima, ndipo phunziro linathera pomwepo.

Ndinatsika masitepe aja nditagwira khoma. M'chisakasa chija ndinaimamo nyengo zingapo, pamaso pa anthu ochuluka, akuluakulu a mipingo ndi aphunzitsi omwe, koma palibe ndi mmodzi yemwe anaimitsapo tepi n'kundifunsa kuti mawu awa wawaikiranji apa. Amene anayandikira kundifunsa anali mayi wa zitumbuwa uja, ndipo mwaona chimene ndinamuchita. Sindikunena kuti ndikanafunsidwa ndikanasintha. Mwina ndikanakhala ngati uja ankati kanema si tchalitchi. Koma ndikanachita ndikudziwa kuti pali maso ena amene akuona msoko wake.

Pobwerera mu minibasi mwanayo anapirira mpaka titadutsa nyumba zomalizira za mu tauni.

"Mwaona bwanji, amalume?"

"Ndaona makamera awiri. Imodzi ndi yodwala."

"Inu simunaphunzire pansi pa mtengo wa mango, choko chimodzi anthu onse?"

"N'chifukwa chake ndimalemba mokhota."

Anaseka, kenako anayang'ana minda yowotchedwa. Anati funso limene anafunsidwa mnyamata uja, iye akanafunsidwa kanema wa maliro asanatumizidwe, mtengwa uja bwenzi ali pakhomo pake. Pamenepo ndinatsala pang'ono kumuuza za chisakasa. Mawu anafika pa lilime. Koma kondakitala anayamba kukangana ndi mayi wina za thumba la nyemba, ine n'kupezerapo pothawira. Mpaka lero sindinamuuze.

Sindinafike kunyumba ndi yankho loyera. Ndinkaonabe mnyamata wanzeru uja wogulitsa zikopa za mafoni. Ndinkaganiza za makasitomala a mwanayo amene adzapeze wojambula wina iye ali ku sukulu, ndipo sadzabwereranso. Ndinkadzifunsanso ngati sindikufuna kumutumiza kumeneko kuti akalipire mlandu wanga, umene iye sakuudziwa n'komwe. Chimenechi ndicho chinkandiyendetsa uku ndi uku kuposa zonse. Munthu wokalamba amatha kusenzetsa mwana katundu wake n'kumati akumuthandiza.

Madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa lisanalowe, ndinapeza mlongo wanga akuswa mtedza pakhonde. Ndinakhala pa mtondo wogwetsa n'kuyamba kumuthandiza. Ndinamufotokozera zonse mmene ndinazionera, masitepe, makamera awiri, magetsi, osabisa ngakhale za amene amabwerera kukajambula maukwati. Ndinati sindingalonjeze kuti mwanayo akabwerako adzalemera. Chimene ndingalonjeze n'chakuti kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi kumutsutsa asanatumize chinthu kwa anthu, ndipo kuno kulibe, kuno kuli omuombera m'manja ndi omutukwana basi.

Iye anamvetsera osakweza mutu. Atamaliza mbale imodzi anakhuthulira makoko pansi n'kunena chimene chinali pansi pa mawu ake onse a miyezi ija. Maphunzirowo ankayamba mwezi womwewo, ndipo nazale ya fodya inali itafesedwa kale kudambo. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, imafuna madzi m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse mpaka mvula itagwa, ukangodumphitsa masiku awiri mabedi onse apsa. Ana ake ena ali kumabanja awo. Iye msana unamukana kale. Amene ankatsikira kudamboko asanapite kojambula ndi pobwerako anali mtsikana yemweyo.

"Mawu ndi anu, achimwene," anatero. "Koma makeni othirira atsala ndi ine."

Ndinati nazaleyo ndithirira ine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu? Ndi mawondo amenewo? Masitepe a dzulo omwewo mwabwera mukutsimphina. Mukagwera m'chitsime ndiye tidzaitane mwanayo adzajambule maliro."

Anaseka yekha, ine osaseka. Kenako anati ngati ndikufuna kuvomera ndivomere, koma ndisalonjeze zimene thupi langa silingakwanitse, chifukwa fodya samva kupepesa. Ananyamula mtedza wake n'kulowa m'nyumba. Ndinakhala pa mtondopo kanthawi ndikusisita mawondo. Ankanena zoona. Kuchokera pakhomo kukafika kudambo pali chitunda, ndipo keni yodzaza imalemera kuposa mmene imaonekera. Sindinkadziwa ngati ndingafike nayo ntchitoyo mpaka mvula yoyamba. Sindinkadziwanso ngati sukuluyo idzamupatsa mwanayo chimene ndinkaganiza, kapena adzakhala m'gulu la otuluka mmene analowera.

M'mawa mwake ndinadzuka mame asanaume, ndinawoloka bwalo, ndinagogoda pa zenera la muphwa wanga n'kumuuza kuti ayambe kuchapa zovala zake ndipo akauze mayi wa magalasi uja kuti akubwera. Sindinadikire kuti atsegule. Ndinatenga makeni awiri amene anali kuseri kwa nkhokwe, imodzi dzanja ili ina dzanja ili, n'kutsetserekera kudambo.